Aphunzitsi Odziyankha Okha

Lolemba, 8 Seputembala

Tsiku loyamba kuphunzitsa kuno kudziko la eni. Ndapulumuka, koma mawu anga andichititsa manyazi.

Ana khumi ndi asanu ndi atatu basi. Ndinaima pakhomo kudikira ena, mpaka kamtsikana kena kanandifunsa ngati ndikuyembekeza munthu. Kwathu kalasi yanga inali ndi ana opitirira zana, ena pa mawindo, ena pansi pa tebulo langa. Kuno aliyense desiki yake, mpando wake, ndi pokoloweka jekete pake. Ndinapereka moni ndi mawu anga a masiku onse, aja ofika kumbuyo ngakhale mvula ikuwomba malata. Mwana wina anagwetsa pensulo. Aphunzitsi a masamu a chipinda chinacho anasuzumira kufunsa ngati kwagwa ngozi.

Palibe anaimirira nditalowa. Ndinadikira, iwonso anadikira. Wogonja ndinali ine.

A hedi ndi mayi wamtali, koma nkhope yawo sindinganene kuti ndaiona bwino. Munthu wamkulu sungamutuzulire maso ngati mnzako wosewera naye. Zomwe ndikudziwa ndi nsapato: zakuda, zosongoka, zopukutidwa. Ndawatcha a Nsapato. Anena mosapsatira kuti teremu ino ndi yondiyesa. Adzakhala m'kalasi mwanga kawiri. Akakhutira, kontirakiti, ndipo ndi kontirakitiyo ndingathe kuitanitsa mwana wanga. Akapanda kukhutira, Disembala katundu pamutu.

Chilichonse ananena ndinati inde.

Lachitatu, 10 Seputembala

Chipinda changa kwa a Nesi: bedi, kabati, zenera loyang'ana khoma la nyumba ina, ndi hita yotenthetsa chipinda, yolira ngati m'mimba mwa munthu wanjala. A Nesi ndi a kwathu, ali kuno zaka zambiri, amagwira kuchipatala chachikulu. Pakamwa pawo palibe mabuleki. Atandiona m'mawa nditavala majuzi awiri anati, "Aphunzitsi, uku si kuzizira, ndi moni chabe. Mwini wake akubwera."

Ku sitafu ndalakwa kale kawiri. Choyamba, moni. Ndinayambira pakhomo, munthu mmodzimmodzi, dzanja, mwadzuka bwanji, kunyumba ali bwanji, nanga ana. Pofika kwa wachisanu belu linalira, ndipo otsalawo ndinawaona akulithokoza ndi maso. Chachiwiri, kapu. Ndinatenga yoyera bwino pa shelefu n'kumwera tiyi mokoma. Kapuyo ndi ya a Masamu, omwe aja ondisuzumira. Anangoima pafupi kuyang'ana kapu yawo ngati mwana wawo wanyamulidwa ndi mlendo. Kuno kapu ili ndi mwini, mpando uli ndi mwini, ngakhale mkaka wa m'filiji uli ndi dzina.

Ndagula yanga pobwerera. Yaikulu, yobiriwira, yosasokonekera ndi ya munthu.

Lamulungu, 14 Seputembala

Tsiku la foni. Achemwali anaigwira pafupi kwambiri, moti ndinayamba ndacheza ndi mphuno yawo. Kenako mwana wanga Kadona. Zaka zisanu ndi zinayi, tsitsi lomangidwa mothina, maso pansi.

Uli bwino eti? Eee. Ukudya? Eee. Kusukulu ukukhoza, si choncho? Eee. Sukuwavuta amayi aakulu? Ayi. Mtima wanga unakhala pansi.

Achemwali akuti, "Mwana uyu ndi wosavuta, nthawi zina umaiwala kuti alipo." Zoona. Ndili ku koleji anakhala kwa agogo ake, sanalire. Atanditumiza kukaphunzitsa kusukulu ina yakutali anakhala kwa azakhali ake, sanalire. Pa bwalo la ndege wolira ndinali ine, iye anangogwira lamba wa chikwama changa mpaka atamuchotsa zala. Mwana wozolowera.

Ndamuuza kuti ndikugwira ntchito kuti abwere kuno. Anati eee.

Nditatseka foni nyumba inangoti zii. Ndinachapa zovala zomwe sizinade.

Lachiwiri, 23 Seputembala

Ana a kuno sadziwa kumaliza mawu a mphunzitsi. Ndimati, "Madzi akawira m'ketulo amasanduka..." n'kusiya m'malere, dzanja kukhutu. Kwathu pamenepo denga limagwedezeka. Kuno maso okhaokha, ngati ndatsamwidwa ndipo akuona ngati ndipuma. Ndiye ndimamaliza ndekha, "nthunzi!" Ndikafunsa kuti tili limodzi, palibe wondiyankha. Wina anayang'ana uku ndi uku n'kunena kuti inde, tonse tili m'chipinda chimodzi.

Awiri ndawapatsa kale mayina a mumtima. Wina ndi Nabwanji, kamtsikana kondifunsa tsiku loyamba kaja. Dzanja lake silitsika. Bwanji ichi, bwanji icho. Lero akuti bwanji nthunzi ya m'ketulo imaoneka koma madzi a m'mbale ya galu wawo amatha osaoneka. Ndinati tidzafika. Anati liti. Maso ali pa ine gwa, osaphethira. Akanakhala wanga ndikanamutuma kukatunga madzi kutali.

Wina ndi Naduu. Amakhala pafupi ndi zenera, manja pa desiki, maso pansi, kope laukhondo. Ndikati mwamva, yekhayo amagwedeza mutu. Mwana woleredwa. Akundikumbutsa Kadona, mpaka lero ndinatsala pang'ono kumukonza kolala. Ndamumatira kanyenyezi pa kope, ndipo ndauza kalasi yonse kuti atengere iyeyu.

Mapazi akupweteka. Basi inandisiya ndikuiona, woyendetsa akundionanso. Kuno basi sidikira munthu ngakhale athamange motani, ngakhale akuwe.

Lachinayi, 2 Okutobala

Mwini wake wa kuzizira uja watumiza mphwake. Makutu ngati si anga. A Nesi andibwereka sikafu yaitali yoti munthu n'kumangira mbuzi ziwiri.

Pobwera kusukulu ndinalowa m'sitolo ya zovala kuti ndingothawa mphepo. Ndinatuluka ndi jekete ya mwana. Yachikasu, ya chipewa chake, matumba akuya. Sindinaganize kawiri, chikasu ndimamugulira chiyambire ali khanda, chimamukhala. Ndaikoloweka kuseri kwa chitseko. A Nesi ataiona anati, "Kontirakiti sinabadwe, inu mwagula kale matewera." Ndinaseka, koma nditalowa m'chipinda ndinaika dzanja m'thumba mwake n'kukhala choncho nthawi ndithu.

A Masamu andipempha mwaulemu kwambiri kuti nditsitseko mawu. Akuti ana awo tsopano akudziwa za nthunzi kuposa za kugawa.

Lamulungu, 12 Okutobala

Foni. Ndamuonetsa jekete. Yokongola eti? Eee. Waikonda? Eee. Achemwali kumbali akuti nena zikomo. Zikomo amayi.

Netiweki inadula ndili pakati pomufotokozera za lifiti ya m'nyumba muno. Nditaimbanso anali atapita kukasamba.

Kunja kukuda msanga masiku ano. Munthu ukutuluka kusukulu nyali za mumsewu zayaka kale. Ndasowa dzuwa ngati mbale wanga.

Lachiwiri, 21 Okutobala

A Nsapato anabwera. Lero zofiirira, za zingwe. Anakhala kumbuyo pa kampando ka ana, mawondo m'mwamba.

Ndinaphunzitsa ngati sindinaphunzitsepo. Zojambula pa bolodi, nyimbo ya mvula ndi mitambo yomwe ndinaisintha m'chinenero cha kuno, palibe mphindi yotayika. Ndinamaliza belu lisanalire. Ndinatuluka mapewa m'mwamba.

Masana mu ofesi anati, "Phunziro lokonzedwa bwino. Munafunsa mafunso ambiri abwino, ndipo munawakhoza onse." Ndinati zikomo. Zinanditengera kanthawi kuti ndimve kuti sakundiyamikira. Akuti anabwera kudzamva ana, koma anamva ine ndekha ndi Nabwanji pang'ono. Akuti ndikafunsa ndizidikira. Akuti ulendo wachiwiri, kumayambiriro kwa Disembala, akadzamvanso ine ndekha, sadzakhala ndi chondilembera.

Ndinati inde. Ndiye anawonjeza, "Ndipo mukamanena inde kwa nsapato zanga, sindidziwa ngati mwavomera kapena mukungondipirira." Ndinati inde.

Ndapsa mtima. Kudikira! Mayi amenewa anaimapo pamaso pa ana zana? Kumeneko chete ndi mpata wa mbuzi kulowa m'munda. Ukangosiya kampata, wina watsina mnzake, wina walira, akumbuyo ayamba msika. Umafunsa, umayankha, umathamanga, ndipo ana amakhoza. Zaka zonsezi ndaphunzitsa choncho ndipo palibe anandiuza kuti ndi matenda.

Ndikuopa. Ndilembe zoona, ndikuopa kwambiri.

Lachitatu, 22 Okutobala

Ndawafotokozera a Nesi. Ndimayembekeza chisoni, ndalandira chiseko. Akuti iwo anadziwa kalekale, chifukwa chibwerereni ine m'nyumba muno sanayankhepo funso langa ndi limodzi lomwe. Akuti ndimati, mwaswera bwanji, mwatopa eti, odwala anachuluka, pepani, iwo asanavule ndi nsapato zomwe. "Ine ndimangogwedeza mutu, ndinu wailesi yosafuna mabatire."

Ndinati nanga nditani, pakamwa ndi panga koma sipandimvera. Anatenga kapu yanga yobiriwira ija pa sinki n'kundigwiritsa. Mankhwala ake ndi awa: ndikafunsa funso, ndimwe madzi. Pang'onopang'ono. Munthu sangayankhule madzi ali m'kamwa. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, aphunzitsi, ndipo inu nkhono mumaiopseza isanatuluke."

Tinayeserera pomwepo. Ndinawafunsa kuti ntchito yayenda bwanji, n'kumwa. Iwo dala duu. Ndinamwa, ndinamwa, kapu inatha. Ndiye anati, "Bwino." Mawu amodzi, kapu yathunthu. Munthu woipa.

Lachinayi, 6 Novembala

Kapu ikugwira ntchito, koma chikhodzodzo chikudandaula. Belu likangolira ndimadutsa m'khonde ngati ndaitanidwa kumoto. A Masamu ayamba kundipatukira okha. Ana akuganiza kuti ndikudwala, Nabwanji anandifunsa bwanji ndimamva ludzu pokhapokha ndikafunsa funso.

Chete wake ndi wowawa. Ndimamva hita, ndimamva wotchi, ndimamva mtima wanga. Yankho limafika pa lilime n'kumakankha mano. Dzulo linandipulumuka madzi ali m'kamwa, ndinanyowetsa bulauzi. Koma ena ayamba kuyankha. Kamnyamata kakumbuyo komwe ndimati n'kogona kanafotokoza za mitambo bwinobwino, pang'ono pokha kusokoneza.

Tsono nkhani yondisowetsa mtendere. Ndachonga mayeso a pakati pa teremu. Pepala la Naduu: dzina, deti, ndi mafunso onse okopedwa mwaukhondo, zilembo zokongola kuposa zanga. Mayankho palibe. Ndi limodzi lomwe. Ndinatembenuza pepala kufuna kuseri, koyera.

Mwana wanga wachitsanzo, wa nyenyezi zodzaza kope. Nabwanji wamwano uja wakhoza zonse, n'kulembanso funso lake pansi.

Lachisanu, 14 Novembala

Msonkhano wa makolo. Tebulo, mipando iwiri, banja lililonse nthawi yake. Kuno makolo amabwera ndi mafunso m'manja, mwana ndi mbewu ya makolo ake. Mayi ake a Nabwanji anandifunsa bwanji katatu asanakhale pansi.

Bambo ake a Naduu ndi dokotala wa mano. Nawonso ndi alendo kuno, anafika chaka chatha kuchokera dziko lina, ndipo chinenero cha kuno amachiyenda mosamala ngati munthu wowoloka pa mtengo. Ndinayamba ndi zabwino: mwana waulemu, wachete, wosavuta. Anandiyang'ana modabwa. Akuti kunyumba mwanayo amayankhula mpaka amamupempha kuti apume. Ndinawaonetsa pepala. Analiyang'anitsitsa, ndipo kapu inali pafupi, ndiye ndinamwa.

Akuti mwanayo anawauzapo. Funso akalimva amayamba walitembenuza m'chinenero cha kwawo, apeze yankho, alitembenuzenso, ayese ngati anzake saseka. "Akuti yankho likamafika pakhomo amapeza aphunzitsi atseka kale, ali pa funso lina." Ndiye anasiya kuyesa. Kugwedeza mutu kuja akuti amachitira ine, chifukwa akagwedeza ndimasangalala.

Ndinapepesa. Iwo anapepesanso, sindikudziwa chifukwa chiyani. Alendo awiri kupepesana m'dziko la eni.

Zandipweteka. Miyezi iwiri ndakhala ndikumatira nyenyezi pa kusamva kwa mwana.

Lamulungu, 16 Novembala

Chimfine. Mphuno ngati mpopi. A Nesi andimwetsa zinthu zowawa n'kupita kuntchito akundiuza kuti sindifa pa shifiti yawo.

Foni inali yaifupi. Mawu anga anali atatha, ndiye achemwali ndi amene anayankhula: denga likudontha pakona, mlamu wayambanso mpira wa pa wailesi, Kadona ali bwino, alibe vuto. Iye anangoonekera kumbuyo atanyamula beseni. Ndinamuimikira dzanja, anaimika lake.

Walira mvula walira matope. Ndinkafuna kunja, kunja ndi kuno: bulangete, mapepala ochonga, ndi zenera loyang'ana khoma.

Lachinayi, 27 Novembala

Ndachotsa nyenyezi. Osati za pa kope, zimenezo ndi zake. Ndangosiya kumuuza kuti ndi wachitsanzo. Ndimamupatsa funso la mawa pa kapepala kuti akalitafune kunyumba. Amalandira ndi manja awiri, maso pansi, ndipo m'kalasi ndi duu yemweyo. Koma wasiya kugwedeza mutu. Sindikudziwa ngati ndi kupita patsogolo kapena ndangotaya yekhayo amene ankandivomera.

Ndi Nabwanji tapangana. Ndikagwira kapu, iye akhalire manja ake mpaka ndiike pansi. Anafunsa bwanji. Ndinati chifukwa iwe ndi ine tili ndi matenda amodzi. Anaganiza pang'ono n'kuvomera. Tsopano ndikamamwa ndimamuona akutukumuka pampando ngati mphika wofuna kusefukira, ine ndi iye tikuvutika limodzi. Ndayamba kumukonda kamwana aka, ndipo za mbale ya galu zija ndamuyankha.

A Masamu anandiimitsa pa ketulo ya ku sitafu kufunsa ngati ndili bwino, akuti khoma lakhala chete. Anandipatsa bisiketi. Ya m'paketi yolembedwa dzina lawo. Ndinailandira ngati mendulo.

A Nsapato akubwera Lachitatu. Jekete ili kuseri kwa chitseko, ndimaiona ndikamatseka.

Lachitatu, 3 Disembala

Zavuta. Ndikuganiza kuti zavuta.

Nsapato zakuda zosongoka zija, za tsiku loyamba. Ndinaika tambula ya ayisi pa tebulo. Ana anaona timadontho tikutuluka kunja kwa tambula, tikutsetsereka. Ndinafunsa kuti madzi akunjawa achokera kuti, poti tambula sinabooke. Ndinagwira kapu.

Chete. Nabwanji pa manja ake, nkhope yofiira. Ndinamwa. Wotchi, hita, galimoto kunja. Ndinamwanso. Kumbuyo cholembera cha a Nsapato chinaima. Yankho linali pa lilime, lokonzeka, lokongola, ndipo ndinaganiza za jekete n'kuti ndingolinena, phunziro liyende. Kapu inatha. Ndinapitiriza kumwa mpweya.

Ndiye kumbali ya zenera kadzanja kanakwera, kufika pa phewa basi. Naduu. Mawu ake ndinali ndisanawamvepo, ndi okhuthala kuposa mmene ndimaganizira. Anati, "Aphunzitsi, sindinamve." Ndinati pati, mwanawe. Anati, "Kuyambira pa ketulo paja."

Ketulo ndi ya Seputembala! Pamaso pa a hedi! Ndisanapume, ena awiri anati nafenso. Pulani yanga yonse inali pa tebulo, yolembedwa bwino, ya mphindi ndi mphindi. Ndinaisiya. Ndinatuma mmodzi kukabwereka ketulo ku sitafu, tinaiwiritsa, tinagwira mbale yozizira pamwamba pa nthunzi, n'kuyambiranso pa chiyambi ngati tsiku loyamba. Iwo kuyankhula, kutsutsana, wina akuti tambula ikuchita thukuta, wina akuti ayisi akuthawa. Belu linalira tisanafike pa yankho. Ayisi anasungunuka n'kunyowetsa pulani ndi makope awiri.

A Nsapato anadzuka n'kutuluka. Anangolambalala madzi pansi. Andiitana Lachisanu.

A Nesi akuti ndidye. Sindikufuna.

Lachisanu, 5 Disembala

Ndinalowa mu ofesi nditakonzeka kunena inde ndi zikomo n'kutuluka mwaulemu. Anayamba ndi zolakwa, ndipo zinalipo. Phunziro silinathe. Ketulo yowira pafupi ndi ana imafuna chilolezo, ndipo kutuma mwana kukaitenga ndisadzayerekezenso. A Masamu anasowa tiyi pa buleki. Ndinati inde, inde, inde.

Kenako anati mwana wa pa zenera uja, chibwerereni pasukulu pano, sanakwezepo dzanja m'kalasi ya munthu aliyense. Akuti anakhala kumbuyo kuja akupemphera kuti ndisayankhe, chifukwa ankaona khosi langa likulimbana ndi yankho. Kontirakiti ya zaka ziwiri. Za mwana wanga akuti a mu ofesi andithandiza mapepala, ndipo malo m'kalasi ya msinkhu wake alipo.

Ndinadzutsa mutu. Sindinachite kufuna, unangodzuka wokha. A Nsapato amavala magalasi! Ali ndi imvi mbali imodzi, ndi maso oseka. Miyezi itatu ndakhala ndikuopa munthu yemwe ndikanakumana naye pa basi sindikanamudziwa, pokhapokha nditayang'ana pansi.

A Nesi anakuwa mpaka a nyumba yapansi anagogoda denga lawo ndi tsache. Akuti kontirakitiyo theka ndi yawo, theka ndi ya kapu, ine ndinangoperekeza.

Ndasangalala. Ndavula nsapato n'kuvina ndekha m'khichini ndi majuzi awiri.

Lamulungu, 7 Disembala

Ndinaimba masana, ndisanadye n'komwe. Achemwali analuluta mpaka foni inagwa. Ataitola anamuitana Kadona n'kumuimika patsogolo.

Ndinati ukubwera, mwanawe! Wasangalala eti? Eee. Udzakwera ndege, sudzaopa eti? Ayi. Sukulu yake ndi yabwino, udzaikonda. Eee. Maso pansi, manja kumbuyo, mutu ukugwedezeka bwinobwino.

Mutu umenewo ndi umene unandiimitsa. Ndinauona kwina, pafupi ndi zenera.

Kapu inali pa tebulo, ya tiyi wa m'mawa wozizira kale. Ndinaigwira. Ndinati Kadona, iweyo ukufuna chiyani? Ndipo ndinamwa.

Chete wa pa foni ndi woipa kuposa wa m'kalasi. Achemwali anafunsa ngati netiweki yadula. Anamuuza kuti ayankhe, amayi ako akudikira. Ndinawapempha ndi dzanja kuti amusiye. Tambala analira kwinakwake kumbuyo. Mlamu anatsitsa wailesi. Tiyi wozizira, wopanda shuga, ndinamwa ngati mankhwala.

Anadzutsa maso. Anati, "Ndikabwera kumeneko, mudzandisiya kwa ndani?"

Mayankho ndinali nawo atatu, onse abwino, onse akukankha mano. Ndinamwanso. Iye anapitiriza yekha. Akuti ngati n'kukamusiyanso kwa munthu wina, kuli bwino akhale komweko, chifukwa kwa amayi aakulu wadziwa kale pamene pamakhala zinthu. Akuti kwa agogo ankalira, koma m'bafa. Kwa azakhalinso. Akuti amayesetsa kusavuta kuti mwina ulendo wina ndidzamutenge.

Achemwali anatuluka m'chithunzi. Ndinawamva akumina kumbali.

Ndinamuuza zoona zokhazokha, zochepa: chipinda ndi chimodzi, bedi tidzagawana, sukulu ndi imodzi, basi tidzaithamangira limodzi ndipo idzatisiya limodzi. Anaseka! Dzino lam'mbali linachoka, sindinadziwe. Kenako mpopi unatseguka. Ali ndi mnzake wapamtima yemwe sindinamumvepo. Masamu a kugawa sakuwamva chiyambire teremu. Pali mphaka amene amamudyetsa mobisa kuseri kwa khichini, ndipo amayi aakulu asamve, chonsecho amayi aakulu ali pomwepo. Anayankhula mpaka foni ya achemwali inayamba kulira batire. Mwana wanga ndi wolongolola. Anatengera ine, ndipo ine sindinamupatsepo mpata.

Chomaliza, mothamanga, foni isanathime: chikasu sachikonda. Sanachikondepo. Ndimangomugulira.

Jekete ndaichotsa kuseri kwa chitseko, ndaipinda m'pepala lake, mawa ndikaibweza kusitolo. Mtundu wina sindisankha ine. Ndamufunsa wa mtundu wanji, ndipo ndamufunsanso za kubwera komweko, ngati akufuna. Akuti aganiza kaye.

Ndathira madzi m'kapu.